Mafunso ndi mayankho: kupanga makhadi a pamanja ndi zidindo, ma die ndi mapepala amaluwa

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene angoyamba kumene ntchito yopanga makhadi. Ena akufuna kupangira amayi awo khadi la Tsiku la Anakubala pa 15 October, ena asenzetsedwa ntchito ya makhadi a ukwati wa mng'ono wawo, ena akufuna kuti ntchitoyi izibweretsako kangachepe. Werengani pamene pakukukhudzani.

Ndikufuna kuyamba. Ndigule chiyani choyamba?

Pepala lolimba loyera, rula yachitsulo, kampeni kodulira mapepala, sizasi yaing'ono yakuthwa, guluu, inki yakuda imodzi yabwino, ndi chidindo chimodzi kapena ziwiri. Basi. Makina odulira asiyeni kaye.

Ndikutsindika izi chifukwa mavidiyo a pa YouTube amaonetsa zipinda zodzaza ndi zipangizo mpaka kudenga, ndipo munthu amagwa ulesi asanayambe n'komwe. Wolandira khadi saona makina anu. Amaona ngati m'mphepete mwawongoka, ngati lapindidwa mwaukhondo, ngati palibe zala zaguluu, kenako amatsegula kuti awerenge zimene mwamulembera. Ndalama zanu zoyamba zipite pa pepala ndi inki.

Pepala lake likhale lotani?

Kulimba kwa pepala amakuyeza ndi nambala ya gsm imene imalembedwa pa paketi. La fotokope ndi 80 gsm, ndipo silingaime palokha pa tebulo. Thupi la khadi limafuna la pakati pa 250 ndi 300 gsm. Tizidutswa tomata pamwamba tingakhale ta 160 mpaka 220 gsm.

Podindapo sankhani pepala losalala. Lokhakhala limadumphitsa inki, chithunzi chimatuluka chamadonthomadontho. Lonyezimira ngati la zithunzi inki yambiri siuma msanga, imangopakika mukaikhudza. Mapepala a manila amene aphunzitsi amalembapo matchati ndi abwino pa tizidutswa ta pamwamba ndi pophunzirira, koma ambiri ndi ofewa moti thupi la khadi limagwada, komanso mtundu wake umasuluka akakhala padzuwa.

Palinso mapepala opangidwa pamanja, monga amene bungwe la PAMET ku Blantyre limadziwika nawo, opangidwa kuchokera ku mapepala akale ndi ulusi wa zomera. Amenewa ndi okongola kwambiri ngati maziko a khadi, makamaka mukang'amba m'mphepete ndi manja m'malo modula. Koma mawu dindani pa kapepala kosalala, kenako mumate pamwamba pake.

Khadi likule bwanji?

Yambirani pa envelopu. Anthu ambiri amapanga khadi lokongola kenako n'kumazungulira tauni kufunafuna envelopu yoti lilowemo.

Njira yosataya pepala ndi iyi: dulani pepala la A4 pakati, mupeza zidutswa ziwiri za A5. Chilichonse mukachipinda pakati chikupatsani khadi la A6, la 105 mm ndi 148 mm, limene limalowa bwino mu envelopu ya C6, ya 114 mm ndi 162 mm. Chidutswa choyamba chomata pamwamba chikhale 100 ndi 143 mm, chachiwiri 95 ndi 138 mm. Mukamachotsa 5 mm motero, m'mphepete mumatsala kamzere kofanana mbali zonse zinayi.

Chenjerani ndi mavidiyo a ku America. Iwo akamati A2 akunena khadi la mainchesi 4.25 ndi 5.5, lodulidwa pa pepala lawo la Letter. Ndi lalifupi ndi lotambalala pang'ono kuposa A6 yathu, choncho ma die (tizitsulo todulira pepala m'makina) a makona anayi opangidwira muyeso umenewo sasiya malire ofanana pa khadi la A6. Muziona muyeso musanagule.

Ndikapinda, pepala likuthetheka pamsana. Vuto n'chiyani?

Pepala lolimba sapinda osalidinda mzere. Ikani rula pamene mukufuna kupinda, ndipo kokani mzere ndi bolopeni yotha inki kapena kumsana kwa mpeni wa patebulo, modinikiza koma osaboola. Kenako pindani ndi kusalaza ndi msana wa supuni.

Ngati likuthethekabe, mwina mukupinda mopingasa ulusi wa pepala. Pepala lililonse lili ndi mbali imene limakhotera mosavuta. Ligwireni ndi manja awiri, mulikhotetse pang'ono uku ndi uku, mumva mbali imene silikukana. Kupinda motsata mbali imeneyo kumatuluka koyera.

Zidindo zilipo za mitundu ingati, ndipo zabwino ndi ziti?

Pali za labala wofiira womatidwa pa kathabwa, zimene zimakhalitsa zaka zambiri ndipo zimatulutsa timizere ting'onoting'ono bwino. Vuto lake simuona pamene mukudinda. Pali za labala wokhala ndi siponji kumsana, zimene mumaziphatika pa kabuloko koonekera ka acrylic. Ndiye pali zoonekera ngati galasi, zimene zimakakamira zokha pa kabulokoko, mukatha n'kuzimatula. Woyamba kumene ndimamulangiza zoonekerazi, chifukwa maso amaona pamene mawu agwere.

Koma zoonekera sizofanana zonse. Za photopolymer zimagwira inki bwino. Zotchipa zambiri za pa intaneti ndi za silicone, zofewa ndi zotanuka, ndipo inki yamadzimadzi imaunjikana timadontho pamwamba pake. Sizotaya ayi, zimangofuna inki yokhuthala ndi dzanja lopepuka.

Chithunzi chikutuluka chodukaduka kapena chambuu. Ndikulakwitsa pati?

Kawirikawiri ndi chimodzi mwa izi. Chidindo chatsopano chimabwera ndi kamafuta ka ku fakitale. Chikhuleni ndi labala wofufutira woyera, mudinde kangapo pa pepala lotaya. Inki musaipake ngati mukupaka batala: gonekani chidindo chagada, muzichigogoda pang'onopang'ono ndi padi ya inki mpaka paliponse pade. Podinda tsitsani molunjika, dinikizani pakati ndi m'makona, werengani mumtima mpaka zisanu, nyamulani molunjika. Mukachigwedeza uku ndi uku, mawu amatuluka ndi mthunzi.

Chinanso ndi tebulo. Zidindo zoonekera zilibe siponji, choncho pa thabwa louma gwa sizigwira paliponse. Yalani magazini yakale kapena kamphasa ka mausi ya kompyuta pansi pa pepala.

Pali chipangizo chokhala ngati buku, monga MISTI, chimene chimagwira pepala ndi maginito pamene chidindo chamamatira pa chitseko chake. Chithunzi chikatuluka chosakwanira mumapakanso inki n'kudindanso pamalo omwewo ndendende. Ngati mudzapange makhadi ambiri ofanana, ichi chigulani musanagule makina odulira.

Inki ya ku ofesi ija singagwire ntchito?

Pophunzirira ingagwire, koma imalowerera m'pepala ndipo ikakhudza madzi imayenderera. Inki za makhadi zili m'magulu. Za dye zimalowa m'pepala ndi kuuma msanga. Za pigment ndi zokhuthala, zimakhala pamwamba, zimachedwa kuuma, ndipo zimaoneka ngakhale pa pepala lakuda. Za solvent, monga StazOn, ndi za pa pulasitiki, galasi ndi zina zoterera.

Chofunika kudziwa ndi chimene mudzapakire mitundu mukatha kudinda. Ngati ndi penti wamadzi, dindani ndi inki yosasungunuka m'madzi monga Archival ya Ranger kapena VersaFine. Ngati ndi mamaka okhala ndi spiriti monga Copic, dindani ndi Memento, chifukwa spiriti amasungunula StazOn n'kudetsa mlomo wa maka. Ngati ndi mapensulo amitundu, iliyonse ikwana bola iume kaye.

Zidindo zonse zogula zili ndi mawu a Chingerezi. Nanga ndikafuna khadi la Chichewa?

Funso ili ndi limene ndimalikonda kuposa onse. Khadi lopita kwa agogo kapena kwa apongozi likanena kuti "Zikomo amayi potilera" limafika pamtima mwa njira imene mawu ogula sangafikire. Ndipo amene akugulitsa adziwe kuti khadi lotere m'mashopu akuluakulu silipezeka wamba.

Njira yoyamba ndi ya anthu amene amapanga zidindo za masukulu, mipingo ndi maofesi m'matauni mwathumu. Apititsireni mawu anu olembedwa bwino, akuda pa pepala loyera, zilembo zisakhale zoonda kwambiri. Auzeni kuti mukufuna chidindo cha chogwirira wamba, osati chija chokhala ndi inki yake m'kati, kuti muzisintha mitundu mmene mukufunira. Mawu asanu kapena asanu ndi limodzi akukwanirani chaka chonse: "Zikomo", "Mafuno abwino", "Pepani", "Mwakhoza!", "Muchire msanga", "Khirisimasi yabwino".

Yachiwiri ndi zidindo za zilembo chimodzichimodzi, zimene mumandandalika pa kabuloko. Ubwino wake mumatha kudinda dzina la munthu. Dziwani kuti zambiri zilibe chilembo cha ŵ, ndipo zina zilibe kachizindikiro ka mu "mng'ono" ndi "pang'ono". Dindani w wamba, kadenga kake ndi kachizindikiroko muwonjezere ndi cholembera chakuda cha mlomo woonda.

Yachitatu ndi kusema nokha pa labala wofufutira wamkulu woyera. Lembani mawuwo pa pepala ndi pensulo yofewa ya 2B, mobwerezabwereza kuti ade. Vundikirani pepalalo pa labala, mulikhule kumsana ndi chikhadabo. Mawu asamukira pa labala ali chotembenuka, ndipo ndi mmene ayenera kukhalira kuti podinda awerengeke. Semani mochotsa zozungulira zilembo, mpeni utapendekera kunja kuti tsinde la chilembo likhale lotambalala. Mukasema cholowa pansi pa chilembo, chimathothoka pa kudinda kwachitatu. Yambani ndi mawu aafupi a zilembo zowongoka. "Zikomo" ali ndi ma o awiri amene amayesa dzanja, ndiye musafulumire nawo.

Mukhozanso kupulinta mawu pa kompyuta n'kuwadula. Pulinta ya laser ndi yabwino apa, popeza inki yake siyenderera ndi guluu wamadzi.

Mawu a m'kati lembani ndi dzanja, ndipo alembeni mmene mungalankhulire ndi munthuyo mutakhala naye pamphasa. Wamkulu amalemekezedwa ndi pa khadi pomwe: "Mulungu akusungeni", osati "akusunge". Pa zovuta musachulutse mawu kapena zonyezimira. "Pepani ndi zovutazi, tili nanu limodzi" pa pepala loyera ndi kaduwa kamodzi n'zokwanira.

Die ndi chiyani, ndipo makina ake amagwira bwanji?

Die ndi kachitsulo kopyapyala kokhala ndi mzere wotukuka wa chithunzi, kaya duwa, mtima, gulugufe kapena mawu. Sikakuthwa ngati lezala. Kamadula chifukwa cha kupanikizika. Mumaika die ndi pepala pakati pa mapuleti awiri a pulasitiki, n'kuzilowetsa m'makina okhala ndi zogudubuza ziwiri, inu n'kumapukusa chogwirira. Mbali yotukuka ya die ndiyo iyang'ane pepala.

Makina odziwika ndi Big Shot a Sizzix ndi Platinum a Spellbinders. Big Shot wamba ali ndi khomo la mainchesi 6, pafupifupi 15 cm, lokwanira khadi la A6 ndi A5. Big Shot Plus amalowetsa A4. Kwa ife ubwino waukulu wa makina opukusa ndi wakuti safuna magetsi, ntchito imapitirira ngakhale azima. Makina omwewa amagwiranso ndi mafoda a pulasitiki otukutsa maluwa pa pepala.

Ndi olemera, choncho mtengo wotumizira kuchokera kunja umatha kupweteka kuposa wa makinawo. Amene muli ndi abale ku Johannesburg kapena ku Britain, afunseni ayang'ane ogwiritsidwapo kale ntchito. Makina amenewa salephera msanga. Onetsetsani kuti mapuleti ake ali pomwepo.

Pa ma die, oyamba kugula akhale a mabwalo ndi a makona anayi obwera m'magulu, aang'ono mpaka aakulu. Amenewa mudzawagwiritsa ntchito pa khadi lililonse. Die ya chithunzi chimodzi chapamwamba imatopetsa maso mukaigwiritsa kangapo.

Die sikudula mbali zina. Yawonongeka?

Kawirikawiri ayi. Makina amapanikiza kwambiri m'mbali kuposa pakati, ndiye sunthirani die chakumbali, muipendeketse pang'ono kuti isalowe ndi mzere wautali nthawi imodzi. Ipititseni kawiri kapena katatu, mukuitembenuza. Zikakanikabe, onjezerani pepala limodzi lolimba pakati pa mapuleti. Limodzi lokha kaye. Mukaona kuti chogwirira chikukana zolimba, musakakamize, bwezani m'mbuyo muchotse chimene mwawonjeza.

Mapuleti amalira ngati akusweka ndipo amadzaza ndi zipsera, zimenezo n'zachibadwa. Muziwatembenuza kuti asakhote mbali imodzi. Pa ma die a timabowo tambiri ikani pepala laphula pakati pa die ndi khadi kuti chodulidwacho chituluke mosavuta, totsalira mutotole ndi singano.

Nanga Cricut?

Cricut, Silhouette Cameo ndi Brother ScanNCut amadula ndi kampeni motsogoleredwa ndi chithunzi cha pa kompyuta kapena cha m'makina momwemo, osafuna die. Kwa amene amadula mayina a anthu ndi mawu a Chichewa tsiku ndi tsiku ndi othandiza zedi. Koma amafuna magetsi, mipeni ndi mphasa zake zimatha, ndipo pulogalamu ya Cricut imadalira intaneti pa zambiri. Werengerani zonsezo musanagule.

Mapepala amaluwa ndikawaphatikiza akuoneka ngati akukangana. Ndizisankha bwanji?

Onani mmene mayi amavalira: chitenje chikakhala cha maluwa akuluakulu, bulauzi imakhala ya mtundu umodzi wotengedwa m'chitenjemo. Pa khadi n'chimodzimodzi. Pepala limodzi la maluwa aakulu, lina la timadontho kapena timizere ting'onoting'ono, ndi lina lopanda kalikonse. Pakati pa awiri amaluwawo ikani kamzere ka pepala loyera kapena lakuda kuti maso apume. Mawu asakhale pa maluwa mwachindunji. Apatseni kabwalo kawo koyera.

Mapepala a mainchesi 12 mbali zonse amapangidwira mabuku a zithunzi, choncho maluwa ake amatha kukula moti pa khadi pamangotsala theka la duwa. Timabuku ta mainchesi 6 timakhala ndi maluwa ochepetsedwa, oyenera makhadi. Komabe lalikulu limodzi limatulutsa zidutswa 6 za 100 ndi 143 mm, ndiye pa makhadi ambiri ndi lotchipirapo. Musanadule onani kumene maluwa ayang'ana, kuti asaime chadodolido.

Ngati ogula sakupezeka, mapepala okutira mphatso, makalendala akale, mamapu, ndi m'kati mwa maenvelopu a ku banki muja muli timizere tabuluu, zonsezi zimagwira. Opyapyala amateni kaye pa pepala lolimba. Mukhozanso kudinda kachidindo kamodzi mobwereza pa pepala lonse, mwapanga lanu.

Chitenje chingalowe m'malo mwa pepala lamaluwa?

Kwambiri, ndipo alendo ochokera kunja amakonda makhadi oterewa. Pemphani tizidutswa totsala kwa telala, musankhe ta maluwa aang'ono. Sitani kaye. Kuti ulusi usamasosoke, matani kumsana kwake nsalu yolimbitsa makolala ija atelala amamata ndi ayironi, kapena pakani guluu wochepa pa pepala lolimba n'kuyalapo nsaluyo. Guluu apite pa pepala, osati pa nsalu, apo ayi amaboola n'kusiya madontho akuda. Zikauma dulani ndi rula ndi mpeni watsopano.

Ma die opyapyala amavutika ndi nsalu, amasiya ulusi wosaduka. Okhuthala a mtundu wa Bigz, okhala ndi mpeni weniweni wobisika m'siponji, ndi amene amadula nsalu bwino.

Guluu wabwino ndi uti? Khadi langa likupindika likauma.

Likupindika chifukwa cha madzi a m'guluu. Guluu woyera wa akalipentala amagwira kwambiri, koma mufunika kadontho chabe, kofalitsidwa ndi kachidutswa ka katoni. Pa tizithunzi ta timabowo gwiritsani ntchito kamtengo kotokosera m'mano. Zidutswa zazikulu matani ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri, imene ilibe madzi. Guluu wa ana a sukulu wopaka ngati lipisitiki amamatuka pakapita miyezi, makamaka kukatentha.

Mukatha, khadi ligone usiku pansi pa mabuku olemera. Mukafuna kuti chithunzi chitukuke ndipo mulibe tepi ya siponji, matani tizidutswa titatu ta pepala lolimba pamwamba pa tinzake, muike kunsi kwake.

Zilembo zagolide zotukuka zija amapanga bwanji?

Amadinda ndi inki yomata yosaoneka, monga VersaMark, n'kuthirapo ufa wapadera wa embossing, kugwedeza wotsala kubwezera m'botolo, kenako kutenthetsa mpaka ufawo usungunuke ndi kunyezimira. Chotenthetsera chake ndi heat gun, kachipangizo kamagetsi kotulutsa mpweya wotentha kwambiri. Choumitsira tsitsi sichithandiza: chimauluza ufa ndipo sichitentha mokwanira. Ngati mulibe, gwirani pepala ndi chopanira zovala, muyandikize kumsana kwake pa ayironi yotentha yoimikidwa, maso ali pa ufa. Ukangosintha n'kuwala, chotsani, chifukwa mukachedwa umalowa m'pepala n'kuzimiririka. Musanadinde, pukutani pepala ndi kansalu kokhala ndi pauda wa ana pang'ono kuti ufa usakakamire pamene zala zinakhudza.

Ndapatsidwa makhadi 150 a ukwati. Ndiyambire pati?

Pangani limodzi lathunthu, eni ukwati alione, avomereze, ndipo mayina, tsiku, tchalitchi ndi holo aziwerenge anthu awiri osiyana. Funsani bwino mmene mayina a makolo a mbali zonse ziwiri alembedwere ndi amene ayambe, chifukwa pamenepa ndi pamene pamabuka mawu. Yesani nthawi imene khadi limodzilo lakutengerani, muchulukitse ndi 150. Mukaona kuti sizitheka, chepetsani zokongoletsa tsopano lino.

Kenako musapange limodzilimodzi. Dulani onse, pindani onse, dindani onse, matani onse. Gulani mapepala opitirira muyeso nthawi imodzi, popeza mukabwerera ku shopu mutha kupeza oyera ake asiyana pang'ono. Mawu ataliatali a m'kati apulinteni pa pepala lopyapyala lolowetsa, manja anu agwire za kunja zokha.

Ndingagulitse makhadi opangidwa ndi zidindo za kampani ina?

Makampani ambiri amalola kugulitsa makhadi odindidwa ndi dzanja, koma saloleza kujambula chithunzicho pa fotokope kapena pa kompyuta n'kuchichulukitsa. Malamulo awo amawatcha angel policy ndipo amasiyana, ndiye werengani a kampani imene mwagulako. Zithunzi za makatuni otchuka monga a Disney zili ndi eni ake. Za mwana wanu pangani, koma zogulitsa zipeweni. Zidindo zosema nokha ndi chitenje zilibe nkhawa yochuluka chotere.

Pa mtengo, werengerani pepala, envelopu, guluu, inki, kathumba ka pulasitiki kotetezera fumbi, thiransipoti yokagula zinthu, ndi nthawi yanu. Ambiri amaiwala nthawi, n'chifukwa chake amatopa n'kusiya. Kumsana kwa khadi dindani dzina la ntchito yanu ndi nambala, wolandira adziwe kokupezani.

Khadi likafika bwino ndikalitumiza pa positi?

Mikanda, mabatani ndi mfundo za riboni zimaboola envelopu. Ikani kapepala kolimba pamwamba pa zokongoletsazo musanatseke. Amene muli ku Britain kumbukirani kuti Royal Mail imawerenga kalata wamba ngati siyapitirira 5 mm kukhuthala. Ikapitirira ilowa m'gulu la Large Letter, la mtengo wokwera. Lopita kutali lipangeni lathyathyathya. Adiresi lembani ndi bolopeni, osati maka amene amayenderera ndi mvula.

Ndizisunga bwanji zipangizo, makamaka m'dzinja?

Chinyezi ndicho mdani wamkulu. Mapepala agone chogona m'bokosi la pulasitiki lotseka, osati pansi pa simenti kapena motsamira khoma. Timapaketi ta silica timene timabwera m'mabokosi a nsapato musataye, ponyani momwemo ndi m'mene muli ma die kuti asachite dzimbiri. Ma die aang'ono amasowa msanga. Aphatikeni pa pepala la maginito kapena muwasunge mu envelopu yolembedwa dzina.

Zidindo pukutani ndi kansalu konyowa mukangotha, zikada kwambiri mutsuke ndi sopo wochepa. Zoonekera zimasintha mtundu ndi inki, zimenezo zisakudetseni nkhawa bola zisamadetse pepala. Zikasiya kumamatira pa kabuloko, zitsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo, ziume zokha, zimayambiranso. Musazisiye pawindo, dzuwa limaziumitsa, ndipo kabuloko ka acrylic musakapukute ndi spiriti chifukwa kamachita ming'alu. Mapadi a inki ya dye atsekeni zolimba ndi kuwasunga chovundikira, kuti inki izikhala pamwamba pomwe chidindo chimakhudza.